Bwalo, Holo ndi Nsanja: Mmene Malo Amaumbira Woonerera

*Nkhani yokambidwa pa mwambo wa chikhalidwe wa chaka chino*



Nkhani ya lero ndi ya malo. Anthu akamachokera ku gule kapena ku sewero amatama wovina, woomba ng'oma kapena mlembi wa sewerolo. Ndi ochepa amene amafunsa za pamene woonerera adali: ngati adakhala padothi kapena pampando, padzuwa kapena mumdima, pafupi kapena patali, ngati adalipira pakhomo kapena adangolondola kulira kwa ng'oma. Komatu zimenezi ndizo zimasankha chimene munthuyo aone, chimene amve, ndi chimene anyamule pobwerera kwawo. Funsoli tsopano lafika pakhomo pa mabungwe a chikhalidwe. Miyambo ikukula chaka ndi chaka, ndipo pamene kukubwera matenti, zokuzira mawu, zingwe zotchingira anthu ndi maganizo omanga maholo, nkofunika kudziwa chimene chikupindulidwa ndi chimene chikutayika.

Pamoto

Malo oyamba a sewero ndi ang'ono kuposa onse: pamoto, madzulo, nsima itatha. Agogo akati "Padangokhala", adzukulu amayankha kuti "Tili tonse", ndipo yankho limenelo limabwerezedwa mpaka nthano itaphera. Ana akasiya kuyankha, wokamba amadziwa kuti tulo tawagwira, nthano nkuima. Mwana wa kuno amaphunzira akadali wamng'ono kuti womvera ali ndi ntchito, ndi kuti nkhani siyenda iye akakhala chete. Phunziro limeneli ndi limene amapita nalo kubwalo.

Bwalo la m'mudzi

Dera lino si lachilendo pa nkhani za bwalo. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pamene padali likulu la Kalonga wa Amaravi, malo amene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adakumba ndi kulemba mbiri yake. Kumtunda kwa boma lomweli, m'mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zoyera za zilombo za gule. Gule Wamkulu mwiniwakeyo adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Bwalo ndi malo osesedwa bwino, kawirikawiri patsinde pa kachere, mkuyu kapena mlambe. Lilibe khoma, lilibe denga, lilibe chitseko. Khoma lake ndi matupi a anthu. Anthu akachuluka bwalo limapanikizika, atsabwalo nkumawabweza m'mbuyo. Chilombo chaukali chikathamanga, khomalo limagumuka, anthu nkubalalika, kenaka nkumangikanso. Ngakhale zili tero, aliyense amadziwa mbali yake. Mafumu ndi akuluakulu ali pamthunzi. Oomba ng'oma ali pambali pawo ndi mbalule, mpanje ndi mbandambanda, moto wa udzu uli pafupi wowambira zikopa zikafooka. Amayi ali chigulu, ana ali kutsogolo pamiyendo pa akulu. Zilombo zimatulukira kuthengo, ndipo za kumene zichokera sizikambidwa pagulu.

Pamalo otere woonerera amagwira ntchito. Nyimbo ikaponyedwa, amayi ndiwo amaivomera, ndipo kuwomba kwawo m'manja ndi gawo la kayimbidwe. Akafooka iwo, gule amazizira, chingakhale chilombo chodziwa kupalasa chotani. Wokondwa amalowa m'bwalo kukasupa. Nthungululu ndiyo malipiro a phazi loponda bwino, ndipo kukhala chete kwa khamu ndi chiweruzo chowawa kuposa mawu. Akulu adati pagule fumbi ndiwe mwini, koma wovina aliyense amadziwa kuti fumbilo limakwera msanga pamene oimba ali pafupi.

Chachiwiri, m'bwalo lozungulira munthu saona gule yekha, amaonanso nkhope za anzake a tsidya linalo. Chilombo chikamanyogodola chidakwa, mkamwini waulesi kapena mwamuna wosakhazikika pabanja, maso onse amadziwa kolowera, ndipo mwini nkhaniyo amaona kuti anthu aona. Dzina silitchulidwa, koma mwambo wafika. Mphamvu yolangiza ya gule yagona pamenepa: olangizidwa ndi mboni ali m'bwalo limodzi, lomwelo limene mawa mfumu idzaweruzirepo milandu.

Chachitatu, bwalo lili ndi nthawi yake ndi chifukwa chake. Gule amatuluka pa maliro, pa mpalo, pa chinamwali, polonga ufumu. Amene aima mozungulirawo ndi anamfedwa, adzukulu, aphungu ndi abale. Kasiyamaliro akamafika usiku, anthu amamuona m'kuwala kochepa, mitima ili ndi chisoni cha amene wapita. Njovu situluka pa mwambo uliwonse, ndipo kusowa kwakeko ndiko kumaipatsa ulemu. Maseko Ngoni a kwa Kachindamoto nawonso amadziwa kuti ngoma imakoma pamene nthaka ikunjenjemera ndi mapazi, zishango zili m'manja, amayi akuimba m'mbali. Woonerera amaimva ngomayo kumapazi kwake asanaimve m'makutu.

Bwalo lili ndi zofooka zake, ndipo kuzibisa sikukonda chikhalidwe. Mvula ikagwa zonse zimaima. Wamfupi, wokalamba ndi wolumala nthawi zambiri amangoona misana. Mawu a nyimbo amatayika m'phokoso, kotero mlendo amabwerera ataona fumbi koma tanthauzo osalimva. Ndipo pamene anyamata osamva mwambo atulutsa gule kunja kwa bwalo nkumathamangitsa ana a sukulu kapena oyenda pamsewu, mantha oyenera aja amasanduka chidani. Eni mizinda amadziwa kuti gule wosoweka bwalo amasowanso ulemu.

Holo

Holo idadza ndi mishoni, sukulu ndi boma. Mamangidwe ake ndi osiyana kotheratu: nsanja kutsogolo, mipando m'mizere, onse kuyang'ana mbali imodzi, chitseko chimodzi cholowera. Ngakhale ku Ulaya komweko sizidayambe choncho. Ku Epidaurus, m'dziko la Greece, bwalo la miyala lomangidwa m'zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe lidali lapamtetete, m'mbali mwa phiri, lokwana anthu pafupifupi 14,000. Ku Globe, mumzinda wa London, kumene masewero a William Shakespeare ankachitikira kuyambira mu 1599, anthu wamba ankalipira kobiri imodzi nkuimirira mozungulira nsanja masana dzuwa likuwala, akudya, akuseka, akuyankha. Mwambo wozimitsa nyale kuti oonerera akhale mumdima ali duu udakhazikika mochedwa, ndipo mmodzi mwa amene adaulimbikitsa ndi Richard Wagner, pa holo yake ya ku Bayreuth mu 1876. Choncho chimene ambiri amachiyesa chikhalidwe chenicheni cha zisudzo ndi chaching'ono msinkhu poyerekeza ndi bwalo.

Ana ambiri a dziko lino adakumana ndi holo kusekondale. Chipinda chodyera chimasanduka nyumba ya zisudzo, matebulo nkulumikizidwa kukhala nsanja, nsalu zofunda nkukhala makatani. Mpikisano wa masewero a Chingerezi wa bungwe la ATEM, umene udayamba mu 1969, udaphunzitsa mibadwo kulankhula mokweza, kusunga nthawi ndi kusafulatira oonerera. M'mipikisano imeneyi ndimo mudatulukira Du Chisiza Jr., amene mu 1987 adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre nakhala akudzaza maholo kufikira imfa yake mu 1999. Ku Blantyre, French Cultural Centre idali kwawo kwa zisudzo kwa zaka zambiri mpaka idatsekedwa mu 2011 nkudzatchedwa Blantyre Cultural Centre. Kumeneko Kwathu Drama Group, ndi a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, adaonetsa kuti sewero la Chichewa likhoza kukoka khamu lolipira pakhomo.

Zabwino za holo nzooneka. Liwu lililonse limamveka, ngakhale la kunong'ona, kotero mlembi akhoza kuluka nkhani yaitali yofuna kuitsatira modekha. Mvula ndi mphepo sizisokoneza. Nyale zimauza diso poyang'ana. Koposa zonse, chitseko chimalola kuti wosewera adye thukuta lake, chifukwa luso losadyetsa mwini wake silikhalitsa. Mumdima muja munthu amakhalanso ndi ufulu wina umene bwalo silipereka: akhoza kugwetsa misozi kapena kutsutsa mumtima popanda mudzi wonse kumuona.

Koma chitseko chomwecho chimasankha anthu. Wopanda ndalama amatsala panja, ndipo maholo enieni ali m'mizinda, kutali ndi Golomoti. Chitseko chimodzi nchosavutanso kutseka. Pansi pa lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa, sewero linkayenera kuonedwa ndi bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo lisanaonetsedwe, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi alembi adaphunzira kubisa mawu m'mikuluwiko ndi m'nthano zakale. Chochititsa chidwi nchakuti Amalawi sadalole kuti holo iwasandutse zidole. Mpaka lero woonerera wa kuno amalangiza wosewera ali pampando, amakuwiza mfiti, amachenjeza mkazi wonyengedwa. Amalowa m'holo atanyamula bwalo mumtima.

Kubwerera pamtetete

Ophunzira a m'mayunivesite sadachedwe kuona kuti holo yawalekanitsa ndi anthu awo. Ku Lusaka, mu 1969, kudabadwa Chikwakwa Theatre ya pa University of Zambia, yokhala ndi bwalo lapamtetete ndi dzina la chida chotchetchera udzu. Kuno, Travelling Theatre ya ku Chancellor College idayamba mu 1970, ndipo m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga a David Kerr ndi a Chris Kamlongera, idatembenukira ku masewero a m'zilankhulo za anthu. Idapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, ndipo pambuyo pake idagwira ntchito ndi midzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani za umoyo. Osewera ankaima pakati pa sewero nkufunsa khamu chochita, anthu a m'mudzi nkulowa m'bwalo kudzayankha. Luso limene lidatchedwa latsopanolo lidali lija la "Tili tonse".

Kuti malo otere ali ndi mphamvu, umboni wake uli ku Kenya. Anthu a m'mudzi wa Kamiriithu adamanga okha bwalo la zisudzo lapamtetete, ndipo mu 1977 adaonetsapo sewero la m'Chikikuyu lolembedwa ndi Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii. Boma lidaletsa sewerolo, lidatsekera Ngugi wa Thiong'o m'ndende kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu 1982 lidagwetsa bwalolo. Mabuku a Chingerezi a mlembi yemweyo adali atakhala m'masitolo zaka zambiri. Chimene chidaopsa olamula chidali alimi ndi antchito atakhala pamodzi, akuona moyo wawo m'chilankhulo chawo.

Phunziro la pa Mua

Palibe malo ena m'dziko muno amene nkhaniyi imaoneka bwino kuposa pa Mua. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika pamenepa mu 1902, ndipo m'zaka zoyambirira mishoni ndi gule zidalimbana kwambiri, polimbirana ana ndi maliro. Gule adayankha mwa njira yake: adatenga mayina ndi maonekedwe a alendowo nkuwalowetsa m'bwalo, monga zionekera pa Simoni wa nkhope yofiira. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art. Lero m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Wolowa m'nyumba imeneyi amapeza chimene bwalo silingampatse: nthawi. Akhoza kuima, kuyang'anitsitsa, kufunsa dzina ndi tanthauzo, kuyerekeza chilombo cha mudzi uwu ndi cha mudzi uwo. Zilombo zina zimene zidaleka kutuluka zikadaiwalika pakadapanda ntchito imeneyi. Koma nkhope yopachikidwa sipalasa, ilibe ng'oma, ilibe amayi oivomera, ndipo palibe mwana amene amaithawa. Momwemonso, magule akamavinidwa pamaso pa alendo, wofotokoza ali pambali, alendowo amapindula nzeru ndipo ovina amapeza kangachepe. Koma palibe maliro, palibe namwali, palibe wolangizidwa. Awa ndi malo ophunzirira, ndipo ndi ofunika. Cholakwa chingakhale kuganiza kuti popeza gule wasungidwa pa Mua, midzi ikhoza kuleka kusesa mabwalo ake. Mbewu ya m'nkhokwe imapulumutsa mudzi pokhapokha ngati munda ulipo.

Wailesi, kanema ndi foni

Pali malo enanso opanda dothi ndi denga. Masewero a pa wailesi ya MBC monga *Kapalepale*, *Pamajiga* ndi *Sewero la Sabata Ino* adasandutsa khonde lililonse kukhala holo, banja litazungulira wailesi imodzi, aliyense akujambula nkhope za osewera m'mutu mwake. Pa misika ya Golomoti ndi Mtakataka, tinyumba toonetsera kanema timadzaza ana pa mabenchi mumdima, ndipo omasulira mafilimu m'Chichewa atenga malo a wokamba nthano. Foni yafika pomaliza, ndipo woonerera wake ali yekha. Imafikitsa gule kwa mwana wa kuno amene ali ku Johannesburg, chimene ndi chabwino. Koma imadula gule wa tsiku lonse kukhala kamphindi, imachotsa nyimbo pa mwambo wake, ndipo nthawi zina imaulutsa zimene eni mzinda sadalole. Pa miyambo yambiri lero, manja amene ankawomba ali m'mwamba kugwira foni.

Nsanja ya mwambo waukulu

Miyambo ikuluikulu, monga Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa Ogasiti, ndi Umhlangano wa Maseko Ngoni pa Nkolimbo ku Ntcheu, yabweretsa malo a mtundu watsopano. Ndi bwalo, pakuti ndi pamtetete ndipo ndi lozungulira. Ndi holo, pakuti lili ndi kutsogolo, kumene kuli tenti ya olemekezeka. Phindu lake ndi lalikulu: anthu masauzande amaona magule a madera ambiri tsiku limodzi, ndipo achinyamata amanyadira chimene kale ankachita nacho manyazi.

Koma mwambo uliwonse wokula, waukulu kapena waung'ono, umakumana ndi mayesero amodzimodzi. Wovina amayamba kuvinira tenti nkufulatira khamu. Zingwe zimakankhira anthu kutali kotero kuti kusupa kumatsalira okhala pamipando. Amayi oimba amachepetsedwa kukhala atatu ozungulira maikolofoni imodzi, chikhamu cha amayi ena chili chete kuseri kwa chingwe. Zolankhula zimadya dzuwa lonse, gule amene wayenda mtunda wautali nkupatsidwa mphindi zochepa. Zikatero mwambo umaoneka bwino pa chithunzi, koma chimakhala chikomekome cha nkuyu.

Pali zinthu zisanu zimene okonza miyambo angazilingalire. Choyamba, bwalo likhale lozungulira, ndipo tenti ya alendo ikhale gawo la mzere wozungulirawo, kuti wovina aone anthu mbali zonse. Chachiwiri, oimba ndi oomba ng'oma akhale m'kati, pafupi ndi wovina, onse amene abwera ndi gule wawo; chokuzira mawu chithandize nyimbo, chisalowe m'malo mwa oimba. Chachitatu, okalamba, olumala ndi ana apatsidwe malo apatsogolo ndi mthunzi, pakuti pamenepa bwalo liyenera kuphunzira kwa holo. Chachinayi, wofotokoza alankhule gule asanalowe kapena atatuluka, osati pamwamba pa ng'oma, ndipo eni mizinda ndiwo anene zoyenera kujambulidwa ndi zosayenera. Chachisanu, ngati tsiku lina padzapezeka ndalama zomangira holo m'chigwa chino, imangidwe, chifukwa ana a sukulu ndi magulu a zisudzo akuisowa. Koma imangidwe pambali pa bwalo, mtengo wa pabwalo usadulidwe.

Malo aliwonse mwa amenewa ali ndi mphatso yake. Pamoto pamaphunzitsa kuyankha, holo imaphunzitsa kumvetsera, nyumba ya Chamare imaphunzitsa kufunsa, wailesi ndi foni zimafika kumene phazi silifika. Bwalo lokha ndilo limasonkhanitsa wovina, woimba, wolangizidwa ndi mboni pa dothi limodzi, ndipo likatayika palibe ndalama imene ingaligule. Posachedwapa ng'oma ziwambidwa ndipo magule alowa. Amene asonkhana pano akupemphedwa kuti nyimbo ikaponyedwa aivomere, manja awombe, ndipo wokondwa alowe akasupe monga mwa mwambo.